Kompyuta ikadzuka ntchito itasowa: gwero la vutoli ndi njira zolithetsera

Pa madandaulo omwe amisiri okonza makompyuta amalandira, pali limodzi lomwe limafotokozedwa mofanana kulikonse. Munthu adali pakati pa ntchito, adatseka chivundikiro cha laputopu kapena kuisiya kompyuta ya patebulo kuti akadye nkhomaliro, ndipo pobwerera wapeza zonse zomwe adatsegula kulibe. Lipoti la pamwezi lomwe lidatsala ndime ziwiri, mayeso omwe mphunzitsi amakonzera ophunzira a Fomu 4, fomu yofunsira malo kusukulu ya ukachenjede yomwe idadzazidwa theka, zonse zasowa. Ambiri amati kompyutayo yakanika kudzuka bwino. Koma m'madera ngati Dowa ndi Ntchisi, komwe magetsi amathimathima ndipo makina ambiri adagwirapo kale ntchito kunja asanafike kuno, kawirikawiri kompyutayo imakhala kuti sidadzuke n'komwe. Idafera kutulo, ndipo chomwe mwini wake waona ndi kuyaka kwatsopano.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati makina ali moyo ndipo sikirini yokha ndiyo yada, ntchito yonse ikadalipo ndipo ingapulumuke, bola mwini wake asathamangire batani lozimitsira. Ngati adazima, zomwe zidali zosasungidwa zapita, ndipo chotsala ndi kutolera zomwe mapulogalamu adasunga mwa okha, kenako kutseka mpata woti zichitikenso.

Tulo ta kompyuta

Zonse zomwe munthu watsegula kuchokera pomwe walowetsa mawu ake achinsinsi, kaya ndi kalata ya mu Word, ziwerengero za mu Excel kapena masamba a pa intaneti, akatswiri amazitcha session. Zimenezi sizikhala pa diski. Zimakhala m'kachipangizo kotchedwa RAM, komwe kali ngati lichero lonyamula zokhazo zomwe zikupetedwa panthawiyo, pomwe diski ili ngati nkhokwe. Cha m'nkhokwe chimakhala ngakhale mwini atachoka chaka, koma cha m'lichero chimadalira manja omwe aligwira, ndipo manja a RAM ndi magetsi. Timagawo take tosunga uthenga timataya mphamvu msanga kwambiri moti timayenera kutsitsimutsidwa pa mamilisekondi 64 aliwonse, kutanthauza maulendo oposa 15 pa sekondi imodzi. Magetsi akaduka, zonse zimafufutika m'kanthawi kochepa.

Malamulo a momwe kompyuta imagonera ndi kudzukira adalembedwa mu 1996 ndi makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba pansi pa dzina lakuti ACPI. Malamulowa amaika kompyuta m'magawo, kuyambira S0, pomwe ikugwira ntchito, kufikira S5, pomwe yazimiratu. Pa gawo la S3, lomwe limalembedwa kuti Sleep, pafupifupi chilichonse chimazima kupatula RAM, yomwe imapitiriza kulandira mphamvu pang'ono. Kumudzi anthu amagoneka moto poufotsera ndi phulusa kuti m'mawa angouuzira. Sleep ndi chimodzimodzi: imadzuka m'masekondi awiri kapena atatu, koma denga likadontha usiku, m'mawa pamapezeka makala ozizira.

Pa gawo la S4, lotchedwa Hibernate, kompyuta imakopera za mu RAM n'kuzilemba pa diski, m'fayilo yomwe pa Windows imatchedwa hiberfil.sys, kenako imazimiratu. Siifunanso magetsi ngakhale pang'ono. Ingathe kukhala m'kabati sabata zitatu, ndipo ikayatsidwa imabweza chilichonse pomwe chidali. Mtengo wake ndi masekondi owonjezera poyaka ndiponso malo ena pa diski.

Pali mitundu ina iwiri yoyenera kuidziwa. Hybrid Sleep, yomwe idabwera ndi Windows Vista, imachita zonse ziwiri: imalemba pa diski koma n'kusiyanso RAM ili maso, kotero magetsi akaduka ntchito imabwerera kuchokera pa diski. Modern Standby, yomwe ili pa malaputopu ambiri a zaka za posachedwapa, yalowa m'malo mwa S3. Laputopu yotere sigona tulo tofa nato. Imangosinza ngati foni ya m'manja, ndipo ingathe kumalumikizana ndi intaneti ndi kudya batire chivundikiro chili chotseka.

Chifukwa chake vutoli limakula kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Makompyuta si achilendonso m'maboma awiriwa. Kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, womwe udatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale padali ndende ya andale ndipo tsopano ukusunga anthu oposa 50,000, ophunzira akhala akuchita maphunziro a ukachenjede kudzera pa intaneti kuyambira mu 2010, m'ndondomeko yomwe lero imadziwika kuti Jesuit Worldwide Learning. Mu 2017 kampani ya Microsoft ndi bungwe la UNHCR zidatsegula kumeneko AppFactory, malo ophunzitsira achinyamata kupanga mapulogalamu, ndipo palinso TakenoLAB, yomwe adaiyambitsa ndi mmodzi mwa othawa kwawo wochokera ku Burundi. Ziwerengero za pamwezi za m'zipatala zimafika ku Unduna wa Zaumoyo kudzera mu DHIS2. Pa Mponela, mahotela amakhala odzaza ndi misonkhano ya boma ndi ya mabungwe, aliyense laputopu patsogolo pake. Kuwonjezera apo pali masukulu a sekondale, maofesi a makhonsolo, ndi timashopu totayipira ndi kusindikizira makalata pa Madisi, Mvera, Malomo ndi m'maboma mwenimwenimo.

Onsewa amadalira magetsi omwe ambiri mwa iwo amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kampani ya Egenco imawapanga, Escom n'kuwagawa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023, ndipo kuthima kwa magetsi kwa maola ambiri kudakhala kwa tsiku ndi tsiku. Koma kompyuta yogona siisowa kuthima kwa maola kuti ife. Kuphethira kwa masekondi ochepa kungakwanire, monga kumachitika chiphaliwali chikagunda nthambo m'dzinja kapena pomwe ofesi ikusinthira ku jenereta. Komwe amagwiritsa ntchito sola, mabatire amatha pakati pa usiku ndipo inveta imadzizimitsa popanda woona. M'mawa magetsi amakhala atabwerera, kompyuta n'kuyaka bwinobwino, ndipo palibe yemwe amaganiza kuti idazimapo.

Laputopu imayenera kukhala yotetezeka ku zonsezi chifukwa ili ndi batire, koma apa ndi pomwe makina a kaunjika amagwiritsa eni ake fuwa la moto. Batire lokalamba limanama. Limaonetsa 40 peresenti, mphindi yotsatira lili pa ziro. Windows idakonzedwa kuti batire likatsala pang'ono kutha, ithamangire ku Hibernate n'kusunga zonse, koma batire likagwa mwadzidzidzi nthawi yochitira zimenezo siipezeka. Ulendonso uli ndi gawo lake. Laputopu yomwe yaikidwa m'chikwama ili pa Sleep n'kukwera kabaza kapena minibasi m'misewu yafumbi yokwera zitunda za Ntchisi ingathe kudzutsidwa ndi mausi yomwe idaiwalika ili yoyaka, n'kumagwira ntchito m'chikwamamo mpaka itatentha kapena batire litatha. Pa makina akale a batire lochotseka, kugwedezeka kokhako kungalekanitse batire ndi makina kwa kanthawi, zomwe n'zokwanira kufufuta RAM.

Kunena zoona, Sleep idaikidwa patsogolo ndi anthu okhala kumaiko komwe magetsi sathimathima. Omwe adapanga makina poganizira Malawi adayamba ndi funso la magetsi. Bungwe la Baobab Health, lomwe lidayamba ntchito yake pachipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001, lidamanga makompyuta ake a m'zipatala kuti azidya mphamvu yochepa ndi kuyendera mabatire akuluakulu, kuti magetsi akathima ntchito isaime. Wogula laputopu pamsika alibe mwayi umenewo, ndipo ayenera kudzikonzera yekha.

Funso loyamba: yadzuka kapena yayaka mwatsopano?

Windows imasunga umboni wokwanira woyankhira funsoli. Njira yachidule ndi kukanikiza Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kupita pa Performance, kenako pa CPU. Chapansi pali mawu akuti Up time, osonyeza nthawi yomwe yadutsa chiyakireni kompyuta. Ngati idayatsidwa m'mawa, pano ndi 2 koloko masana, koma Up time ikuonetsa mphindi 4, palibe chokayikitsa: idazima n'kuyakanso.

Chifukwa chake chimapezeka mu Event Viewer, kaundula momwe Windows imalemba zochitika. Pansi pa Windows Logs, pa System, chochitika chilichonse chili ndi nambala yake. Nambala 42 ya Kernel-Power imasonyeza nthawi yomwe kompyuta idagona. Ikadzuka bwino pamatsatira nambala 1 ya Power-Troubleshooter, yomwe imatchula nthawi yogonera, yodzukira, ndi chomwe chidaidzutsa. Koma pambuyo pa 42 pakabwera 41, kawirikawiri limodzi ndi 6008, ndiye kuti idazima mosayembekezereka.

Nambala 41 imaopsa anthu, ena mpaka kuthamangira kugula zipangizo zatsopano, chonsecho siitchula matenda. Imangonena kuti kompyuta idachoka osatsazika. Chothandiza chili m'kati mwake, pa mzere wa BugcheckCode. Pakakhala 0, gwero lake nthawi zambiri ndi magetsi, batire, kapena munthu yemwe adakanikiza batani lozimitsira kwa nthawi yaitali. Pakakhala nambala ina, ndiye kuti Windows yeniyeniyo idagwa, ndipo woyamba kukayikiridwa ndi driver, kapulogalamu komwe kamalumikiza Windows ndi chipangizo china, makamaka choonetsa zithunzi pa sikirini kapena cha Wi-Fi. Driver wotere amafunika kumusintha ndi wochokera pa tsamba la kampani yomwe idapanga makinawo, monga HP, Dell kapena Lenovo, posankha mtundu weniweni wa kompyutayo.

Palinso nambala 1074, yomwe imatanthauza kuti kompyuta idazimitsidwa kapena kuyatsidwanso mwadongosolo, ndipo imatchula pulogalamu yomwe idalamula. Dzina lomwe limapezekapo kawirikawiri ndi la Windows Update. Laputopu yomwe imakhala masabata osaona intaneti yamphamvu, ikangofika pa Wi-Fi ya pamsonkhano imakoka zosintha zonse zomwe zidaunjikana, n'kudziyatsanso usiku mwini wake ali mtulo. Kuletseratu zosinthazi si nzeru chifukwa zimatseka mipata yolowera mavairasi. Chofunika ndi kuika Active hours, maola omwe Windows siiloledwa kudziyatsanso, ndi kuiyatsanso yekha kompyutayo pomwe yapempha, ntchito itasungidwa.

Kwa yemwe manambalawa akumuzunguza mutu, kulemba perfmon /rel pa malo ofufuzira kumatsegula Reliability Monitor, yomwe imaonetsa mbiri yomweyo tsiku ndi tsiku, ndi chizindikiro chofiira pa tsiku lomwe makina adazima molakwika.

Sikirini ikada makina ali moyo

Apa ndi pomwe ntchito yambiri imatayika popanda chifukwa. Kompyuta yadzuka, kanyali kakuyaka, fani ikumveka, koma sikirini ili bii. Munthu amadikira masekondi 10, mtima n'kutha, nakanikiza batani lozimitsira mpaka zonse zitakhala chete. Potero wapha yekha ntchito yomwe idali bwinobwino mu RAM.

Choyamba ndi kudikira. Makina akale okhala ndi diski yozungulira angatenge mphindi imodzi kapena ziwiri kuti abwerere, makamaka ngati akuchokera ku Hibernate. Podikirapo, batani la Caps Lock limapereka umboni: ngati kanyali kake kakuyaka ndi kuzima likakanikizidwa, makina akumva, ndipo vuto lili pa kuonetsa kokha. Kukanikiza pamodzi batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B kumadzutsanso driver wa zithunzi popanda kukhudza mapulogalamu otseguka. Kompyuta imalira kamodzi, sikirini n'kuphethira. Zikakanika, ayese Ctrl, Alt ndi Del, kapena kutseka chivundikiro, kudikira kuti igonenso, n'kutsegulanso. Pa kompyuta ya patebulo, chingwe cha VGA kapena HDMI chizulidwe n'kubwezeretsedwa, ndipo sikirini izimitsidwe payokha n'kuyatsidwanso.

Opita kumisonkhano ali ndi msampha wawo. Laputopu yomwe idagonekedwa ili yolumikizidwa ku pulojekita nthawi zina imadzuka ikuganizabe kuti pulojekitayo ilipo, ndipo imatumiza chithunzi ku khoma lomwe lidatsala ku Mponela. Batani la Windows pamodzi ndi P limasintha komwe chithunzi chikupita, ndipo ngakhale sikirini ili yakuda, kukanikiza mabataniwa kawiri kenako Enter kumasunthira pa chisankho chotsatira mpaka chithunzi chitabwerera. Ngati sikirini ikuoneka koma pulogalamu ina yabisala kunja kwa malire ake, Alt ndi Tab zimaisankha, ndipo Windows, Shift ndi muvi wa kumanzere kapena kumanja zimaikokera pakati.

Palinso kusowa komwe si kusowa kwenikweni. Kuyambira pa Windows 10, munthu angathe kukhala ndi matebulo angapo ogwirirapo ntchito m'kompyuta imodzi, ndipo zala zikatsetsereka molakwika amapezeka pa tebulo lopanda kanthu pomwe ntchito yake ili pa lina. Windows ndi Tab zimaonetsa onse. Ndipo ngati chomwe chasowa ndi mzere wa pansi ndi tizithunzi ta mafayilo, ndiye kuti pulogalamu ya Explorer ndiyo yagwa. Mu Task Manager, kusankha Run new task n'kulemba explorer.exe kumaibweza.

Kutolera zotsala

Zikatsimikizika kuti kompyuta idazima, chiyembekezo chili pa zomwe mapulogalamu adasunga mwa okha. Word ndi Excel zili ndi AutoRecover, yomwe ngati palibe adaisintha imasunga kope pa mphindi 10 zilizonse. Pulogalamuyo ikatsegulidwa pambuyo pa ngozi, kumanzere kumatuluka mndandanda wa Document Recovery. Cholakwa chomwe ambiri amachita ndi kuutseka mofulumira asanauwerenge. Fayilo iliyonse pa mndandandawo iyenera kutsegulidwa, kuyang'anidwa nthawi yomwe idasungidwa, ndi kusungidwa pansi pa dzina latsopano nthawi yomweyo. Ngati mndandandawo sudatuluke, pali njira ina kudzera pa File, Info, Manage Document, kenako Recover Unsaved Documents. Zolemba zomwe sizidapatsidwepo dzina zimasungidwa kumeneko kwa masiku 4 okha, kotero kudikira mmisiri yemwe abwera sabata yamawa kuchokera ku Lilongwe ndi kutaya mwayi. LibreOffice nayo imapereka mwayi wobweza zolemba ikangotsegulidwa.

Masamba a pa intaneti ndi osavuta. Mu Chrome, Edge ndi Firefox, Ctrl, Shift ndi T zimabweza omwe adatsekeka, ndipo mapulogalamu atatuwa angauzidwe kuti nthawi zonse aziyambira pomwe adalekera. Masamba otsegulidwa mwachinsinsi, monga pa Incognito, sabwerera.

Kubwerera kwa tsamba sikutanthauza kubwerera kwa zomwe zidalembedwamo. Mafomu a pa intaneti ali ndi session yawoyawo, yosungidwa pa kompyuta yaikulu ya eni tsambalo, ndipo imatha yokha munthu akakhala nthawi osachitapo kanthu. Laputopu ingathe kudzuka bwinobwino, fomu ikuonekabe yodzazidwa, koma pokanikiza batani lotumizira tsamba n'kufunsanso mawu achinsinsi, zolembedwa zonse n'kutayika. Pamenepa kompyuta ilibe mlandu. Wolemba nkhani yaitali ya mayeso kapena kalata yofunsira ntchito achita bwino kuilemba kaye mu Word kapena Notepad, n'kuikopera mu fomu pomaliza. Alembi a ziwerengero za zaumoyo ali ndi chenjezo lapadera: tsamba lolowetsera ziwerengero la DHIS2 lidapangidwa kuti netiweki ikaduka lizisunga manambala m'kompyuta momwemo mpaka intaneti itabwerera. Kufufuta zosungidwa za mu browser manambalawo asanatumizidwe, komwe ndi mankhwala omwe anthu amakonda kupatsana pa vuto lililonse, kungawafufutire limodzi.

Makina ogwiritsa ntchito anthu ambiri

M'kalasi ya makompyuta, m'laibulale kapena mu ofesi momwe makina amodzi amagwiritsidwa ntchito ndi anthu asanu, kusowa kwa ntchito kumakhala ndi magwero ena. Wina angakhale atalowa pa akaunti yake pomwe mnzake adatuluka panja. Ntchito ya woyambayo ikadali m'kati, ndipo imapezeka polowanso pa dzina lake, pokhapokha wachiwiriyo atazimitsa makina. Nthawi zina, pambuyo pa kuzima kwadzidzidzi, Windows imalephera kuwerenga akaunti ya munthu n'kumulowetsa pa yongoyembekezera, ndi uthenga wonena za temporary profile. Zonse zimaoneka ngati kompyuta yatsopano. Mafayilo amakhala akadalipo mu foda ya Users pa diski ya C, pansi pa dzina la mwini wake, koma chilichonse chosungidwa pa akaunti yongoyembekezerayo chimafufutika akatuluka. Asagwirepo ntchito, ayatsenso makina, ndipo zikapitirira akopere mafayilo ake pa fulashi asanaitane wokonza.

Masukulu ena ndi malo ogulitsa intaneti amaika mapulogalamu ngati Deep Freeze, omwe amabweza kompyuta mwakale nthawi iliyonse ikayakanso, pofuna kuiteteza ku mavairasi. Pa makina otere, ngakhale chosungidwa bwino pa Desktop chimapita magetsi akangophethira. Wophunzira afunse woyang'anira malowo za foda yomwe siifufutika, kapena asunge pa fulashi.

Pa makina a Linux

Ophunzira kupanga mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito Linux, makamaka Ubuntu, yomwe idayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa ndipo dzina lake ndi lofanana tanthauzo ndi umunthu. Kumeneko vutoli lili ndi nkhope ina: kompyuta imadzuka, imafunsa mawu achinsinsi, koma munthu akalowa amapeza pali mbee. Lamulo la uptime likaonetsa kuti makina sadazime, ndiye kuti chomwe chidagwa ndi pulogalamu yojambula sikirini, ndipo idagwa ndi zonse zomwe zidatsamira pa iyo. Lamulo la journalctl -b limaonetsa kaundula wa kuyaka kwa panopa, ndipo journalctl -b -1 limaonetsa wa kuyaka kwapitako, momwe mizere yomaliza imaulula chomwe chidachitika. Sikirini ikada, Ctrl, Alt ndi F3 zimatsegula khomo la zolemba zokhazokha, momwe loginctl imasonyeza ngati session yakale ikadalipo. Zipangizo za zithunzi za NVIDIA ndizo zimatchulidwa kwambiri pa vutoli, chifukwa popanda kukonzedwa mwapadera sizisunga zonse za m'chikumbumtima chake pogona. Kampaniyo ili ndi chisankho chotchedwa NVreg_PreserveVideoMemoryAllocations chothetsera zimenezi. Hibernate pa Ubuntu imabwera yotsekedwa, ndipo kuti igwire pamafunika malo a swap okwanira kunyamula za mu RAM. Olemba mapulogalamu amadziteteza poyendetsa ntchito zawo zazitali m'kati mwa tmux kapena screen, zomwe sizifa sikirini ikagwa.

Zoyenera kusintha

Lamulo la powercfg /a, lolembedwa mu Command Prompt, limatchula mitundu ya tulo yomwe makina ali nayo. Mawu akuti S0 Low Power Idle akutanthauza Modern Standby, ndipo pa makina otere Hybrid Sleep siipezeka. Ngati Hibernate ili yotsekedwa, powercfg /hibernate on imaitsegula, lamulolo likaperekedwa ndi mphamvu za administrator. Kenako mu Control Panel, pa Power Options, pa Choose what the power buttons do, pali malo oionetsera pa mndandanda wozimitsira ndiponso osankhira chomwe chichitike chivundikiro chikatsekedwa. Kwa laputopu ya batire lofooka, kapena yomwe imayenda m'chikwama, chisankho chanzeru pamenepo ndi Hibernate. Masekondi 20 odikira poyatsa ndi ochepa poyerekeza ndi kulembanso lipoti la mwezi wonse. Kwa kompyuta ya patebulo, Allow hybrid sleep ikhale yotsegula, ndipo ndi bwino kutsimikiza, chifukwa makina ambiri ogulidwa kale amabwera atasinthidwa ndi eni ake oyamba.

Thanzi la batire limadziwika ndi powercfg /batteryreport, yomwe imatulutsa lipoti loyerekeza Design Capacity, mphamvu yomwe batire lidali nayo lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, yomwe likutha kusunga lero. Mwachitsanzo, batire lomwe lidapangidwa kusunga 45,000 mWh koma likusunga 9,000 latsala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo silingadaliridwe kugoneka makina usiku wonse. Wogula laputopu ya kaunjika angapemphe kuyendetsa lamuloli pashopu pomwepo asanapereke ndalama. Poyembekezera batire lina, Critical battery level ikwezedwe kufika pa 15 kapena 20 peresenti, ndipo Critical battery action ikhale Hibernate, kuti Windows iyambe kusunga batire lisanagwe. Kwa laputopu yodzuka yokha, powercfg /lastwake imatchula chomwe chidaidzutsa komaliza, ndipo powercfg /waketimers imaonetsa mapulogalamu omwe adaika nthawi yoidzutsa. Mu Word ndi Excel, pa Options kenako Save, mphindi 10 za AutoRecover zitsitsidwe kufika pa 2 kapena 3.

Maofesi ambiri ali ndi UPS pansi pa tebulo ndipo amakhulupirira kuti ndi otetezeka, chonsecho batire la m'kati mwake limatha pakapita zaka zochepa, ndipo limatha msanga komwe magetsi amathima pafupipafupi. Kuyesa kwake n'kosavuta: ntchito yonse isungidwe, pulagi ya UPS izulidwe pakhoma, ndipo aone ngati kompyuta ikhalabe yoyaka. Kompyuta yomwe pambuyo pa kuthima kwa magetsi imayaka ndi tsiku ndi chaka cholakwika, masamba a pa intaneti n'kumakana kutseguka ponena kuti si otetezeka, ili ndi vuto lina laling'ono: kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka mtundu wa CR2032, komwe kamasunga nthawi ndi zosankha za BIOS, katha. Kakasinthidwa, tsiku likonzedwe ndipo zosankha za BIOS ziunikidwenso, chifukwa zimakhala zitabwerera momwe zidachokera kufakitale.